Nyumba yopanda waya wa ESCOM: dzuwa, mphepo ndi batire zimagwirizana bwanji?

Mu Januwale 2022, madzi osefukira amene anadza ndi namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Magetsi anavuta kwa chaka ndi miyezi ingapo. Apa m'pamene anthu a m'tauni anayamba kufunsa funso limene akumudzi akhala nalo kuyambira kalekale: kodi munthu sangadzipangire magetsi akeake pakhomo? Kumudzi funsoli si lachilendo, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo amaunikira nyumba ndi magetsi a m'mawaya.

Chosokoneza n'chakuti mayankho amasiyana. Wina akukuuzani kuti sola inamuombola, sadziwanso kandulo. Mnzake akuti anangotaya ndalama, zinthu zinafa chaka chisanathe. Wachitatu wamva za makina a mphepo ndipo akufuna kudziwa ngati angagwire kwawo. Onsewa akhoza kukhala akunena zoona, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kumasula chipangizochi chidutswa ndi chidutswa.

Kukhala kunja kwa gridi n'kutani?

Gridi ndi mawaya onse olumikizana amene amanyamula magetsi kuchoka ku Nkula, Tedzani, Kapichira ndi malo ena kukafika m'nyumba. Kuyambira 2017, opanga magetsi ambiri ndi EGENCO, pamene ESCOM imawanyamula n'kuwagulitsa. Nyumba ya kunja kwa gridi ndi imene ilibe waya umenewu, kotero imapanga, kusunga ndi kugawa magetsi ake yokha.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza. Munda waukulu wa mapanelo wa ku Salima, wa mamegawati 60, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, ndi sola ndithu, koma magetsi ake amalowa mu gridi yomweyo. Munthu wa ku Area 25 amene ali ndi mita ya ESCOM n'kuwonjezerapo batire yomudikirira magetsi akazima, nayenso sali kunja kwa gridi, wangokhala ndi pothawira. Ndiye pali timagridi ting'onoting'ono ta mudzi umodzi, ngati ka ku Sitolo m'boma la Mchinji kapena ka Bondo ku Mulanje, kamene kamayendera madzi. Nkhani yathu ndi ya nyumba imene ili yokhayokha.

Taganizirani kusiyana kwa mpopi ndi chitsime cha pakhomo. Wa mpopi amangotsegula, ndipo madzi akasiya amakhala ndi wokamudandaulira. Wa chitsime salipira bilu, koma kukumba, kutunga, kusunga m'ndowa ndi kuyerekeza ngati madziwo afika mawa, zonse ndi zake.

Njira imeneyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, alimi ambiri a m'madera akutali ku America ankatchaja mabatire ndi timakina ta mphepo, ndipo todziwika kwambiri tinali ta abale awiri a banja la Jacobs. Boma la dzikolo litayamba kufikitsa mawaya kumidzi kuchokera mu 1935, timakinato tinayamba kutsitsidwa pang'onopang'ono.

Mawati ndi mayunitsi: pamene ambiri amagwera

Munthu akati "ndagula sola ya 300", amakhala watchula mawati. Wati ndi muyeso wa liwiro limene magetsi akutuluka kapena kudyedwa pa nthawi imeneyo. Sikuti ndi kuchuluka kwa magetsi amene muli nawo. Kuchuluka kumayezedwa pochulukitsa mawati ndi maola, ndipo kumalembedwa Wh. Mawati ali ngati kukula kwa kamwa la mpopi, pamene Wh ndi madzi amene alowa mu ndowa. Mpopi waukulu wotsegulidwa mphindi ziwiri ukhoza kuposedwa ndi kampopi kodontha tsiku lonse.

Aliyense amene anagulapo mayunitsi a ESCOM amaudziwa kale muyeso umenewu: yuniti imodzi ndi Wh 1,000.

Tiyeni tiwerengere nyumba wamba. Mababu 4 a LED a mawati 5, oyaka maola 5, adya Wh 100. TV ya mawati 40, yoonera maola 4, yadya 160. Mafoni 3 otchajidwa kamodzi, tingoti 40. Zonse pamodzi ndi Wh 300 pa tsiku, zosakwana ndi theka lomwe la yuniti. Nyumba yotere panelo ya mawati 100 ikhoza kuisamala.

Tsopano lowetsanimo filiji. Filiji wamba ikhoza kudya cha m'ma yuniti imodzi pa tsiku, makamaka kotentha ngati ku Nsanje kapena Salima, kutanthauza kuti yokhayo ikudya katatu kuposa nyumba yonse ija. Simbi yositira ndi ya mawati 1,000 kapena kupitirira. Ketulo imafika 2,000. Hotplate yophikira nyemba maola awiri yameza mayunitsi awiri kapena atatu. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa chimadya moopsa, ndipo n'chifukwa chake mumapeza nyumba ili ndi mapanelo padenga koma mbaula ikuyakabe pakhonde. Sikuti sola yalephera. Inagulidwa kuti iunikire, osati kuphika.

Choncho kuwerengera kumayambira m'nyumba, osati m'sitolo. Mumalemba kaye chilichonse chimene mukufuna kuyatsa, mawati ake ndi maola ake. Kukula kwa panelo ndi batire kumachokera pa nambala imeneyo.

Panelo

Panelo imasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Kuwala, osati kutentha. Edmond Becquerel wa ku France ndiye anazindikira mu 1839 kuti kuwala kungatulutse magetsi, koma selo (kachidutswa ka panelo kotulutsa magetsi) yoyamba yogwiritsika ntchito, ya silicon, inapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1954. Inkagwira kuwala pafupifupi 6 pa 100 ndipo inali yodula kotero kuti poyamba inkapita pa masetilaiti, monga Vanguard 1 ya mu 1958. Mapanelo a lero amagwira cha m'ma 20 pa 100, ndipo pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wake pa msika wa dziko lonse unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100, makamaka chifukwa cha mafakitale a ku China.

Nambala yolembedwa kumbuyo kwa panelo ndi ya m'chipinda choyesera, dzuwa lili pachimake, panelo ili pa madigiri 25. Padenga la malata mu Okutobala, panelo imatentha kuposa pamenepo, ndipo ikatentha imafooka. Ndiye chifukwa chake amisiri amasiya mpata pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa.

Dzuwa limakhalapo maola 12, koma la m'mawa ndi la madzulo ndi lopendekeka. Mukaliphatikiza lonse, kuno kwathu limafanana ndi maola 5 kapena kuposerapo pang'ono a dzuwa la pamutu. Panelo ya mawati 100 ndiye kuti papepala ipereka Wh 500, koma mukachotsa zotayika m'mawaya, m'batire, m'fumbi ndi m'kutentha, yembekezerani 350 kapena 400. Mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikaunjikana, ndiponso m'masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, zimatsika kuposa apa.

Popeza tili kumwera kwa equator, panelo imayang'ana kumpoto, itapendekeka pang'ono, cha m'ma madigiri 15, kuti mvula izitsukanso fumbi. Mthunzi ndiye mdani wobisika. Maselo a m'panelo amalumikizidwa motsatizana ngati anthu opatsirana njerwa pamzere: mmodzi akaima, onse aima. Tsamba limodzi la papaya likaphimba kangodya, mphamvu imagwa kwambiri kuposa kukula kwa mthunziwo.

Magetsi a mphepo

Apa Amalawi tili ndi dzina lathu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina a mphepo ali ndi zaka 14. Anagwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, mapaipi a pulasitiki, zitsulo za njinga ndi dayinamo, n'kuyatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo. Mfundo yake ndi yomwe ija ya dayinamo ya njinga yoyatsa nyali: chinthu chikazunguza maginito pafupi ndi waya wokulungiza, magetsi amatuluka. Pa njinga chozunguza ndi tayala, apa ndi mphepo yokankha mapiko. James Blyth wa ku Scotland anachita zimenezi mu 1887 pounikira nyumba yake, ndipo Charles Brush wa ku Cleveland anamanga makina akuluakulu chaka chotsatira.

Mphepo ili ndi masamu ake odabwitsa. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu siwirikiza kawiri koma ka 8. Kumbali inayo n'chimodzimodzi: liwiro likatsika ndi theka, mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Makina ang'onoang'ono ogulitsidwa amalembedwa mawati amene amatulutsa pa mphepo ya mamita 11 kapena 12 pa sekondi, mphepo yogwedeza nthambi zikuluzikulu. Ngati kwanu nthawi zambiri imaomba pa mamita 4, makina olembedwa mawati 400 akhoza kumakupatsani osakwana 20. Mapiko azizungulira ndithu, oyenda m'njira aziima n'kumaona, koma batire osadzaza. Palinso malire amene Albert Betz wa ku Germany anawerengera mu 1919: makina alionse, ngakhale abwino chotani, sangatenge mphamvu yoposa 59 pa 100 ya mphepo yodutsa m'mapiko ake.

Mphepo ya pafupi ndi nthaka imakhala yosokonezeka, yaombana ndi mitengo ndi nyumba, ngati madzi a mtsinje odutsa m'miyala. Amisiri amalangiza kuti mapiko akhale mamita 9 kapena 10 pamwamba pa chilichonse chimene chili pafupi. Nsanja yotalika chonchi imadula, imafuna zingwe zoimangirira ndiponso chotetezera ku mphenzi. Kuika makina padenga la nyumba n'kosavuta, koma kumabweretsa phokoso, kugwedera kwa denga ndi magetsi ochepa.

Kusiyana kwina n'kwakuti panelo ilibe chozungulira, kotero ikhoza kukhala zaka 20 kapena 25 ikungofuna kupukutidwa. Makina a mphepo ali ndi mabeyaring'i otha, mabawuti omasuka ndi mapiko osweka, ndipo pamafunika wina wokwera kapena wotsitsa nsanja. Komanso batire ikadzaza simungangowachotsa, chifukwa akapanda katundu amathamanga mpaka kudziphwasula. Magetsi otsalawo amayenera kupatsidwa kopita, monga chotenthetsera madzi.

Kodi ndiye kuti mphepo n'njosathandiza? Zimadalira malo. M'mbali mwa nyanja, kumene mwera umaomba m'miyezi yozizira mpaka asodzi kukoka mabwato kumtunda, ndiponso pa zitunda zopanda mitengo, nkhani yake ndi ina. Chimene chimavuta n'chakuti dzuwa la ku Karonga ndi la ku Chikwawa silisiyana kwambiri, pamene mphepo ikhoza kusiyana pakati pa chitunda ndi dambo la m'mudzi womwewo.

Batire ndiyo nkhokwe

Dzuwa limabwera masana, magetsi timawafuna kwambiri madzulo. Pakati pake pamaima batire. Monga mlimi amakolola mwezi umodzi n'kudya chaka chonse, nyumba ya sola imakolola maola 5 n'kudya maola 24.

Batire ya mtovu ndi asidi anaipanga Gaston Planté mu 1859, ndipo mpaka lero ndiyo ili m'galimoto. Yolembedwa 12V 100Ah imasunga Wh 1,200 (12 kuchulukitsa ndi 100), koma lamulo lake ndi lakuti musadye kupyola theka, apo ayi imakalamba msanga. Zanu zenizeni ndi 600, zokwanira nyumba yathu ija masiku awiri opanda dzuwa. Ili ngati nkhokwe imene chimanga chapansi simukhudza chifukwa ndicho mbewu.

Ndinaziona ndi maso kwa azakhali anga kumudzi. Mwana wawo anawagulira panelo pamsika, n'kuilumikiza mwachindunji ku batire ya galimoto ndi waya wopota ndi manja. Miyezi yoyamba kunali chimwemwe, ana oyandikana nawo ankadzaza pakhonde kudzaonera mpira. Nditapitako patatha miyezi 8 ndinapeza batire ili pakona, m'mbali mwake motupa, pamitu pake pali ufa woyera wobiriwirako, chipinda chikununkha ngati dzira lovunda.

"Azakhali, magetsi akumazima nthawi yanji?"

"Mwanawe, nkhani za 8 koloko sitizimaliza. Wowerenga amatisiyira panjira."

Iwo ankaganiza kuti panelo ndiyo yatha. Panelo inali bwinobwino, kupatula fumbi limene ndinalembapo dzina langa ndi chala. Batire ya galimoto inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako idzazidwenso nthawi yomweyo. Kuikhuthula usiku uliwonse ndi kuiwiritsa masana aliwonse ndiko kunaipha. Ya sola yeniyeni, imene amaitcha deep cycle, ili ndi mtovu wochindikala wopirira kukhuthulidwa.

Masiku ano kwafika mabatire a lithium. Sony ndiyo inayamba kugulitsa mtundu umenewu mu 1991, ndipo ogwiritsidwa ntchito m'nyumba ambiri ndi olembedwa LiFePO4. Amalola kudya 80 kapena 90 pa 100, safuna kuthiridwa madzi, ndipo amapirira kudzazidwa ndi kukhuthulidwa maulendo masauzande. Vuto ndi mtengo wa tsiku logula. Ya mtovu ndi yotchipa lero, koma mudzaigulanso pakatha zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi. Ya lithium imapweteka kamodzi. Woti asankhe ndi thumba la munthu, ndipo wogula yotchipa sikuti sadziwa masamu: nthawi zambiri ndalama ya lero ndiyo ilipo.

Tibokosi tiwiri ta pakhoma

Chimene chinkasowa kwa azakhali ndi controller, ena amati regulator. Imakhala pakati pa panelo ndi batire ngati mlonda wa pachipata: batire ikadzaza imatseka, ikatsika kwambiri imadula mababu isanavulale. Anthu ena amanyansidwa ndi kudulako n'kulambalala kabokosiko ndi waya, ndipo potero amagula ola limodzi la TV ndi moyo wa batire. Ilipo mitundu iwiri. PWM ndi yotchipa ndipo imakwanira pa sola yaing'ono. MPPT imadula, koma imakolola zochulukirapo pa panelo yomweyo.

Inverter ndi womasulira. Panelo ndi batire zimapereka magetsi a DC, oyenda mbali imodzi ngati mtsinje. A ESCOM ndi a AC, a 230V, opita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi ngati mafunde a pagombe. Filiji ndi zipangizo zambiri za m'sitolo zinapangidwira AC. Inverter yotchipa imatulutsa mafunde okhakhala amene amaliritsa ndi kutenthetsa mamota, pamene yolembedwa pure sine wave imatulutsa osalala. Imadyanso magetsi ngakhale palibe choyatsidwa, ndipo filiji ikamalira kumene imakoka mphamvu kangapo kuposa nambala yake, kotero inverter yongokwanira ndendende imazima. Mababu, wailesi ndi TV za 12V sizifuna inverter n'komwe.

Pamenepa tionjezerepo fyuzi pafupi ndi batire ndi waya wonenepa mokwanira. Magetsi a 12V sagwira munthu, koma waya wowonda ukatentha umayatsa denga la udzu.

Kuphatikiza ziwirizi

Ganizo lophatikiza dzuwa ndi mphepo ndi lofanana ndi kubzala chimanga ndi chinangwa: china chikakanika, china chikugwirani dzanja. Mphepo ikhoza kuomba usiku kapena tsiku la mitambo, batire n'kumapuma. M'maiko a kumpoto kwenikweni, kumene dzuwa la nyengo yozizira limangosuzumira maola ochepa pamene mphepo ili pachimake, ukwati umenewu ndi womveka. Kuno dzuwa silitithawa chotero, ndipo popeza mapanelo anatchipa, ambiri amaona kuti ndalama ya nsanja ndi makina ikhoza kungogula mapanelo ena ndi batire yokulirapo. Ena amayankha kuti makina a mphepo angathe kupangidwa konkuno ndi matabwa, zitsulo ndi amisiri athu, pamene panelo iliyonse imalowa m'dziko ndi ndalama zakunja.

Tinayesapo kale. Cha m'ma 2007 ndi 2008 boma linaika magetsi ophatikiza dzuwa ndi mphepo m'midzi 6, kuphatikizapo Elunyeni ku Mzimba, Chigunda ku Nkhotakota ndi Mdyaka ku Nkhata Bay. Patapita zaka, ambiri anasiya kugwira ntchito bwino, ndipo nkhani inali ya mabatire otha ndi kusowa ndalama zokonzetsera.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la ndalama. Pafupifupi chipangizo chilichonse chimachokera kunja, kotero kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo inakwera ngakhale kuti kunja mapanelo ankatchipirabe. Makampani ena amapereka sola pa ngongole yolipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mukalephera kulipira chipangizo chimadzitseka. Thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, limene boma linakhazikitsa ndi thandizo la World Bank, linabwera kudzathandiza malonda otere. Kodi njirayi ikufikira osaukitsitsa, amene ndalama zawo zimabwera kamodzi pachaka akagulitsa mbewu, kapena ikufikira okhawo amene anali kale ndi kangachepe?

Lachiwiri ndi la katundu wachinyengo. Bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi oika zipangizozi, ndipo Malawi Bureau of Standards imayang'anira miyezo. Koma wogula pamsika wa pa trading centre angadziwe bwanji kuti panelo yolembedwa mawati 150 ndi ya 150 zoona?

Nanga mabatire akufa akupita kuti? Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo batire yoswedwa kuseri kwa nyumba imausiya m'dothi. Pamene a lithium ayamba kuchuluka, adzawatolera ndani akadzatha?

Palinso funso la waya. Ndondomeko ya MAREP ikupitiriza kufikitsa magetsi kumidzi. Banja limene lamva kuti mapolo akubwera, lidikire kapena ligule sola? Ndipo waya ukafika, amene ali ndi mapanelo ambiri adzatha kugulitsa magetsi otsala ku gridi mosavuta, pa mtengo wanji?

Pa kuphika, mapoto a magetsi ophika ndi mpweya wotsekeredwa amadya pang'ono kwambiri poyerekeza ndi hotplate, ndipo ena ayamba kuwayesa pa sola, kuphika masana dzuwa lili pamutu. Kodi nsima ya banja la anthu 7 idzachoka pa mafuwa n'kupita pamenepo, ndipo pa mtengo umene banjalo lingakwanitse?

Ndipo pa mphepo, munthu wofuna kudziwa ngati chitunda cha kwawo chili ndi mphepo yokwanira amayenera kuiyeza kwa chaka chathunthu, pa msinkhu umene mapiko adzakhale. Chipangizo choyezera ndi nsanja yake adzamubwereka ndani?